Ziwerengero za ku Mitundu ndi Nkhoma zisamangosungidwa kunja

Wophunzira wa ku Bunda amene akufuna kudziwa ngati feteleza wotsika mtengo wasinthadi zokolola za alimi a ku Mitundu sangapeze yankho m'buku limodzi la pa shelefu. Amafunika ziwerengero za mabanja zikwizikwi, kompyuta yozisanthulira komanso zolemba za akatswiri ena amene adafufuzapo kale nkhaniyo. Luso lofukula mayankho m'mulu wa ziwerengero, lomwe pa Chingerezi amati data science, lasintha ntchito ya laibulale ya pa koleji. Munthu amalowamo kuti alumikizane ndi nkhokwe za pa intaneti, ndipo zambiri mwa nkhokwezo zili kunja kwa dziko lino.

Sukulu ya ukachenjede ya Luanar, yomwe likulu lake lili ku Bunda, komanso makoleji a Sinodi ya Nkhoma, monga ya anamwino ndi azamba, ali m'dziko lomwe limaloledwa kuwerenga ulere magazini ambiri a sayansi kudzera mu ndondomeko ya Research4Life. Pansi pa ndondomekoyi pali Hinari, yomwe bungwe la WHO lidakhazikitsa mu 2002 pa nkhani zaumoyo, ndi Agora ya bungwe la FAO, yomwe idayamba mu 2003 pa zaulimi. Magazini ena amalipiridwa, ndipo malaibulale a m'dziko muno amasonkherana ndalama kudzera m'bungwe lawo la Malico.

Vuto ndi loti malipirowo amakhala a ndalama zakunja. Pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse chogulidwa m'madola udakwera usiku umodzi.

Chenjezo lalikulu lidabwera kumayambiriro kwa 2025, boma la America litadula thandizo la USAID. Ntchito ya DHS, yomwe imasunga zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo m'maiko ambiri, idaimitsidwa. Kafukufuku wotere wa ku Malawi, monga wa 2015-16, amachitidwa ndi ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba, ndipo amene amayankha mafunso ake ndi Amalawi a m'midzi ndi m'matauni. Komabe wofuna kusanthula mayankhowo mozama amapempha chilolezo pa tsamba la pa intaneti loyendetsedwa ku America. N'chimodzimodzinso ndi kafukufuku wa umoyo wa mabanja wa IHS, yemwe ofufuza ambiri amamutenga m'nkhokwe ya World Bank.

Apa mpomwe laibulale ya pa koleji ingagwire ntchito yoposa kubwereketsa mabuku. Chaka ndi chaka ophunzira a ku Bunda amayenda m'midzi kufunsa alimi za mbewu, ziweto ndi misika, pomwe a ku Nkhoma amaphunzira ntchito pafupi ndi chipatala chomwe chathandiza odwala kwa zaka zoposa 100. Ziwerengero zotere zikangotsalira mu laputopu ya mwini wake, zimapita naye akamaliza maphunziro, ndipo wobwera pambuyo amakavutitsanso alimi omwewo ndi mafunso omwewo. Laibulale ikazisunga mwadongosolo, itachotsa maina a anthu potsatira lamulo loteteza chinsinsi cha anthu la Data Protection Act la 2024, wofufuza wa mawa amayambira pomwe mnzake adalekezera.

Kusunga kumafunanso nzeru. Moto womwe udapsereza laibulale ya Mzuzu University mu December 2015 udaonetsa kuopsa kosunga chuma cha maphunziro pamalo amodzi. Ziwerengero za pa kompyuta n'zosavuta kuzikopera ndi kuzisunga m'makoleji angapo, malinga pakhale mgwirizano, magetsi odalirika ndi wogwira ntchito amene waphunzitsidwa kutero.

Nkhaniyi ili m'manja mwa akuluakulu a makoleji akamagawa ndalama za chaka. Akapitiriza kuona laibulale ngati chipinda chowerengeramo pa nthawi ya mayeso, wophunzira wofuna kudziwa za alimi a ku Nathenje, mtunda wosakwana tsiku limodzi pa njinga, adzapitiriza kudikira chilolezo chochokera kutsidya la nyanja.