Chikomekome cha Phwetekere wa pa Lizulu

Amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti pa Lizulu galimoto siidutsa osaima. Mbali iyi ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, ndipo konsekonse milu ya phwetekere, kabichi, anyezi ndi mbatatesi imandandalikidwa mochititsa kaso. Wogula amatsika, natola phwetekere mmodzi, namutembenuza m'dzanja: wofiira bwino, wolimba, wopanda chiboo ndi chimodzi chomwe. Nthawi zina pafupi ndi kaphesi kake pamakhala kaufa kotuwa, ndipo ambiri amakayesa fumbi la mumsewu. Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha mkuyu. Kusiyana kwake n'kwakuti nyerere za mumkuyu munthu amaziona akaung'amba, pamene za m'phwetekere uyu sizioneka ngakhale atamuduladula pa mbale.

Kaufa kotere kawirikawiri kamakhala mancozeb, mankhwala amene alimi amawadziwa ndi dzina la Dithane ndipo amawapopera poteteza mbewu ku chiwawu. Ofufuza a ku Uganda, amene anafalitsa zotsatira zawo mu 2017, anapeza zotsalira za mankhwala a mtundu umenewu pa phwetekere wa m'minda ndi wa m'misika, ndipo kumeneko n'zodziwika kuti ena amapopera zipatso zokhwima kale pokhulupirira kuti zikhalitsa osaola. Mancozeb akamasweka amasanduka ethylenethiourea, chinthu chimene chimasokoneza chithokomiro, ndipo kutentha kwa mumphika kumafulumiza kusandukako. Kutsuka ndi madzi kumachotsako gawo lina la mankhwala okhala pakhungu ngati amenewa. Koma alipo ena, monga dimethoate, amene amalowa m'mitsempha ya chomera n'kuyenda ndi madzi ake mpaka kunsonga ya tsamba. Amenewo mayi angatsuke repu katatu, sangawafike.

Tsono pali uphungu umene wafala pa intaneti ndi m'magazini a zaumoyo, umene ophunzira a m'mizinda ya dera lino amaubwereza mosaufunsa mafunso: wofuna kupewa zotsalira za mankhwala agule zolembedwa kuti organic. Uphunguwu uli ndi kwawo. Ku United States, bungwe la Environmental Working Group limatulutsa chaka ndi chaka mndandanda wa zipatso ndi masamba 12 zimene zapezeka ndi zotsalira zambiri, ndipo sitiroberi ndi sipinachi zakhala zikupezeka pamwamba pake kwa zaka zingapo. Mndandandawo umatheka chifukwa unduna wa zaulimi wa dzikolo umatenga zakudya m'misika, n'kuziyeza, n'kufalitsa zimene wapeza kuti aliyense awerenge. Wogula wa kumeneko ali ndi manambala m'dzanja limodzi, ndipo m'sitolo ali ndi mashelefu awiri oti asankhepo. Kuutenga uphungu umenewu n'kuutula pa msika wa Limbe, wa Soweto ku Lusaka kapena wa Mbare ku Harare ndiko kubwereka denga popanda zipupa. Pa misika imeneyi palibe chikwangwani, palibe manambala, ndipo shelefu yachiwiri kulibe. Mayi amene wanyamula ndalama ya ndiwo za tsiku limodzi akauzidwa kuti asankhe mwanzeru, asankha pakati pa chiyani ndi chiyani?

Choipa chenicheni cha uphunguwu si kusathandiza kokha. Umachotsa udindo pamapewa a boma, a ogulitsa mankhwala ndi a opanga mankhwala, n'kuusenzetsa wogula. Chakudya chosavulaza chimasanduka katundu wapamwamba wogulidwa ndi wopeza bwino, ndipo wosauka akadya chiphe amaoneka ngati wasankha yekha. Komanso liwu lakuti organic pa msika wa dziko lonse ndi la amene walipira oyendera minda kuti amupatse satifiketi. Gogo wa ku Ntchisi amene sanagulepo botolo la mankhwala chibadwire alibe satifiketiyo, choncho nkhwani zake sizingalembedwe liwulo. Bonongwe, chisoso, luni, denje ndi chitambe, masamba amene ambiri mwa iwo amangomera okha m'mizere ndi pa zulu popanda wowapopera, ndiwo amene mabanja ophunzira anawasiya powatcha ndiwo za kumudzi, nathamangira kabichi, repu ndi chayinizi, mbewu zimene nsabwe ndi mbozi zimazikonda kwambiri ndipo zimapoperedwa kawirikawiri. N'zomvetsa chisoni kuona munthu akufunafuna letesi wa organic wodula m'sitolo ya mumzinda, atadutsa mulu wa bonongwe pa khomo la sitolo yomweyo osaucheukira.

Owerenga za zilankhulo ayenera kuima pang'ono pa liwu limodzi. M'Chichewa, chimene wodwala amalandira kuchipatala ndi mankhwala, chimene sing'anga amakumba m'tchire ndi mankhwala, ndipo chimene mlimi amathira mumpope wake ndi mankhwalanso. Liwuli limanyamula chiyembekezo cha kuchira. Mlimi akanena kuti phwetekere wake wadwala ndipo wamupatsa mankhwala, amalankhula ngati kholo losamala, ndipo n'zosadabwitsa kuti amaganiza zakuti kuonjezerako pang'ono ndiko kusamala koposa. Mawu akuti poizoni ndi chiphe alipo, koma amasungidwira makoswe ndi adani. Liwu lotchulira chimene chimatsala pa tsamba pakatha masiku atatu chipopereni silinakhazikike nkomwe. Chinthu chopanda dzina chimavuta kuchiopa, ndipo chimavuta kuchitengera ku bwalo.

Mlimi wa m'dimba sayenera kunyozedwa pa nkhaniyi, pakuti iye ndiye woyamba kumwa chiphecho. Amapopera wopanda nsapato, wopanda chophimba kumphuno, mpope ukumudonthezera kumsana, ndipo nthawi zina amasakaniza mankhwala ndi kamtengo pafupi ndi chitsime chimene ana ake amatungapo. Mankhwala a gulu la organophosphate, momwe muli dimethoate, amatseka ntchito ya enzayimu yotchedwa acetylcholinesterase, imene mitsempha imadalira. Mutu, chizungulire, thukuta ndi nseru zimene mlimi amamva madzulo a tsiku lopopera amazitcha kutopa kapena malungo. Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira asanakolole, koma zimalembedwa m'Chingerezi, kapena m'Chipwitikizi ngati botololo ladutsa malire, ndi zilembo zazing'ono zofuna magalasi. Ambiri botolo lenilenilo saliona n'komwe, poti amagula mankhwala otapidwa m'timabotolo ta zakumwa, muyeso wake ndi chitsekerero. Phwetekere sakhwima tsiku limodzi, amathyoledwa kangapo pa mlungu, ndipo wavenda akafika ndi galimoto safunsa kuti munapopera liti. Amafunsa mtengo wa dengu, nataya pambali chipatso chilichonse chachiboo. Wogula wa m'tauni nayenso amakana mpiru wolumidwa ndi mbozi. Mlimi amangopereka chimene msika ukulipira.

Zinthu zinafika poipa pamene kunabwera kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, kamene kanaoneka ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali katalowa mu Zambia ndi South Africa. Mbozi yake imabisala m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso, momwe mankhwala a pakhungu safika, ndipo imazolowera mankhwala msanga. Mlimi wopanda mlangizi akaona kuti mankhwala sakugwira amachita chimene aliyense angachite: amaonjezera muyeso, amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu, napopera pafupipafupi.

Wina angati kuyeza zakudya n'kodula ndipo maiko osauka sangakwanitse. Mbiri ikutsutsa. Kuyambira mu January 2013, bungwe la European Union linayamba kuyeza gawo limodzi mwa magawo 10 a katundu wa zitheba ndi nsawawa zochokera ku Kenya, chifukwa cha zotsalira za mankhwala monga dimethoate. Boma la Kenya ndi makampani otumiza kunja sanachedwe: malamulo anakhwimitsidwa, alimi analembedwa m'kaundula, zipangizo zoyezera zinapezeka. Luso lilipo, ndalama zimapezeka, malinga ngati mbale yake ili ku London kapena ku Amsterdam. Kabichi wodyedwa ku Ndirande kapena ku Chawama ndiye alibe womuyeza mwa ndondomeko yoti anthu amve zotsatira zake. Ulaya yemweyo anachotsa chilolezo cha dimethoate mu 2019 ndi cha chlorpyrifos mu 2020, koma kafukufuku wa mabungwe a Public Eye ndi Unearthed, wofalitsidwa mu 2020, anasonyeza kuti mu 2018 maiko a m'bungwelo anavomereza kutumiza kunja matani oposa 81,000 a mankhwala okhala ndi zinthu zoletsedwa m'minda yawo, ndipo South Africa inali pakati pa maiko olandira. Choletsedwa kwawo chimagulitsidwa kuno, kenaka chipatso cholimidwa nacho chimakanidwa pa doko lawo.

Malamulo alipo pa mapepala. Malawi ali ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000, limene linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board. Ku Zambia udindowu uli m'manja mwa ZEMA. South Africa yadalira kwa zaka zambiri lamulo nambala 36 la 1947, lakale kuposa boma la tsankho limene linayamba mu 1948. Zimene zimachitika lamulo likagona zinaoneka ku Naledi, ku Soweto, mu October 2024, pamene ana asanu ndi mmodzi anamwalira, ndipo unduna wa zaumoyo unatsimikiza kuti anaphedwa ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene amagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Imfa zimenezo sizinachokere ku zotsalira za pa masamba, koma njira yake ndi imodzi: mankhwala otuluka m'thumba lolembedwa, n'kulowa m'kapepala kopanda dzina. Imfa za ana zinamveka dziko lonse chifukwa zinachitika pa masiku owerengeka. Chiphe chodyedwa pang'onopang'ono ndi nsima kwa zaka makumi awiri sichikhala ndi maliro amodzi oti atolankhani afikepo.

Komabe amene amalalikira kuti mankhwala onse atayidwe mawa m'mawa ayenera kukumbutsidwa za Sri Lanka. Mu April 2021 boma la Gotabaya Rajapaksa linaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza ndi mankhwala a kumunda pofuna kuti dziko lonse lilime mwa organic. Zokolola za mpunga ndi tiyi zinatsika, chiletsocho chinayamba kubwezedwa mu November chaka chomwecho, ndipo mu July 2022 mtsogoleriyo anathawa m'dzikolo anthu atakwiya ndi mavuto a zachuma. Ndiponso chochokera m'tchire si chofatsa nthawi zonse. Mthuthu, umene alimi a ku Malawi ndi Zambia amanyika masamba ake n'kupopera, umapha nsomba mumtsinje chifukwa cha mankhwala a gulu la rotenone, ndipo rotenone wagwirizanitsidwa ndi nthenda ya Parkinson. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anapezanso kuti mthuthu uli wa mitundu iwiri yofanana m'maso, ndipo wina mwa iwo ulibe mphamvu yophera tizilombo. Nzeru za makolo nazo zimafuna kuyezedwa. Choopsa china n'chakuti mantha angathamangitse anthu ku ndiwo zamasamba, pamene bungwe la WHO limalangiza magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku, muyeso umene mabanja ambiri a dera lino saufika. Phwetekere wotsukidwa bwino ndi wabwino kuposa mbale ya nsima ndi mchere.

Njira yapakati si maloto. Ku Kasisi, pafupi ndi Lusaka, sukulu ya zaulimi ya Ajezuiti yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono ulimi wosadalira mankhwala ogula kuyambira cha m'ma 1990, ndipo maiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 2007 za muyezo wawowawo wa zolimidwa mwa organic, wokhala ndi chizindikiro cha Kilimohai, kuti mlimi asamadikire woyendera wochokera ku Ulaya. Koma ntchito zotere zimafika kwa ochepa, ndipo anthu mamiliyoni akudya lero.

Funso lotsala likupita kwa ophunzira. Ku Zomba, ku Bunda, ku Lusaka ndi ku Harare kuli madipatimenti a kemisitile ndi a zaulimi, ndipo ophunzira amalemba mabuku a digiri chaka chilichonse. Zimene amapeza zimathera m'mashelefu a laibulale kapena m'majenolo a kunja amene mlimi wa ku Tsangano sadzawaona. Chofunika n'chakuti mwezi uliwonse phwetekere, repu ndi kabichi zitengedwe pa Lizulu, pa Jenda ndi pa Limbe, ziyezedwe, ndipo zotsatira zake zilengezedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka monga momwe mitengo ya fodya imalengezedwera pa nyengo ya okushoni. Aphungu a nyumba za malamulo akakamizidwe kuti botolo lililonse logulitsidwa m'dera lino likhale ndi malangizo m'chilankhulo cha wolipopera, ndipo wogulitsa wotapira m'timabotolo alandidwe chiphaso. Akatswiri a zilankhulo, monga a ku Centre for Language Studies ku Zomba, ali ndi gawo lawo: apeze liwu lotchulira chotsalira pa tsamba, ndipo agamule ngati pa botolo palembedwe kuti mankhwala kapena chiphe. Pansi pa liwulo, m'zilembo zazikulu zoti gogo awerenge popanda magalasi, palembedwe chiwerengero cha masiku amene ayenera kudutsa dengu lisanalowe m'dimba.