MLANDU WA PA DIEGO GARCIA SUNAOLE

Pa 22 May 2025 Boma la Britain linasaina pangano lakuti zisumbu za Chagos, za m'nyanja ya Indian Ocean, zibwerere m'manja mwa Mauritius, koma Britain abwereke cisumbu ca Diego Garcia zaka 99 cifukwa ca linga la asilikari limene liri pamenepo. Nkhani imeneyi iyenera kusinkhidwa bwino ndi munthu ali yense wodya za thukuta lace, pakuti eni zisumbuzo anali anchito monga ife tomwe.

Tiyeni tione m'mene ndarama zinayendera. M'caka ca 1965 Britain anapatula zisumbuzi ku Mauritius, dziko limene linali lisanalandire ufulu, nalipira mapaundi 3 miliyoni. Lamulo lopatulalo linaturuka m'dzina la Mfumukazi, osayamba lapita ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu alikambirane. Mu 1966 Britain analola America kugwiritsa zisumbuzi nchito za nkhondo zaka 50, ndipo America anacotsa mobisa madola 14 miliyoni pa mtengo wa mizinga ya Polaris imene Britain anali kugula. Mu 1967 Boma linagula minda yonse ya kokonati kwa kampani imene inali nayo, pa mtengo wa mapaundi 660,000. Kumapeto kwa 1970 aphungu a ku America anabvomereza ndarama zomangira, ndipo amisiri a asilikari anafika pa Diego Garcia mu March 1971.

Onani tsono: Boma la Mauritius linalandira, kampani inalandira, Britain anapeza zida motsika mtengo. Nanga anthu? Pazisumbupo panali anthu pafupifupi 1,500, zidzukulu za akapolo ndi za anchito amene anatengedwa kale kudzagwira nchito m'mindamo. Anali ndi midzi, machalichi ndi manda a makolo ao, koma cikalata ca malo analibe, popeza nthaka inali ya kampani. Akuru a Boma anawalemba ngati alendo ongobwerera nchito. Pakati pa 1968 ndi 1973 onse anacotsedwa. Ena amene anapita kucipatala ku Mauritius anakanizidwa malo m'sitima yobwerera kwao. Otsalawo anakwezedwa m'zombo natsitsidwa pa doko la Port Louis ndi ku Seychelles, agaru a pa Diego Garcia ataphedwa. Mapaundi 650,000 amene Britain anapereka mu 1972 kuti awathandize sanawafike m'manja kufikira patapita zaka 5.

Ife sitikana kuti dziko liyenera kudzicinjiriza, ndi kuti asilikari afuna malo. Cimene tikana ndico kubisa. Ndarama zomangira linga ndi za msonkho wa anthu, ndipo mtengo wace wonse uyenera kuwerengedwa poyera pamaso pa aphungu. Aphunguwo asanabvomereze, afunse kuti pamalopo pakhala yani, osati kuti cikalata ciri ndi yani cabe. Ndipo ngati anthu ayenera kusamuka, amvedwe poyamba, apatsidwe pokhala ndi cipepeso cokwanira asanapasule denga ngakhale limodzi. Awerengi athu amene akhala m'nyumba za kampani adziwa okha kuti munthu wopanda cikalata nyumba yace itha tsiku lomwe nchito yatha.

Akuru akale anati mlandu suola. Mu February 2019 Bwalo la Milandu la Maiko Onse ku Hague linanena kuti kupatula kuja kunali kosalungama, ndipo mu May caka comweco maiko 116 a m'bungwe la United Nations anauza Britain kuti acoke, okana ali 6 okha. Koma tisafulumire kuomba m'manja. Pangano la 2025 lilola kuti anthu akakhalenso pa zisumbu zina, osati pa Diego Garcia, ndipo ambiri a iwo anadandaula kuti sanafunsidwe pokonza panganolo. Ocuruka mwa amene anakwezedwa m'zombo zija anamwalira kale m'maiko a eni. Otsalawo ndi ana ao ayenera kupatsidwa mpando pa bwalo liri lonse lokamba za kwao.