Chisoti Pamwamba pa Mpango

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 2014 manyuzipepala a m'maiko ambiri anasindikiza chithunzi cha mayi wina ali m'ndege ya nkhondo, chisoti chili kumutu, chala chachikulu ataloza kumwamba. Mayiyo anali Major Mariam al-Mansouri wa ku United Arab Emirates, ndipo nkhani inali yakuti iyeyu ndiye anatsogolera ndege za dziko lake pokaponya mabomba pa zigawenga za ISIS m'dziko la Syria. Anthu anazizwa nazo. Ena anaomba m'manja, ena anapukusa mitu, ndipo pa wailesi ya kanema ya Fox News ku America mkulu wina anachita nthabwala yakuti mayiyo mabomba waponya ndithu, koma kuimika ndege pamalo pake kumukanika, monga momwe amuna ena amanyozera akazi oyendetsa galimoto.

Kuzizwa konseko kunachokera pa zomwe anthu ambiri anakula nazo m'mitima, zakuti mkazi sangaithe ndege ya nkhondo, ndi kuti ngakhale ataitha, dziko la Asilamu silingamulole kuikwera. Zonsezi mbiri inazitsutsa kalekale. Koma pali maganizo ena amene anabwera pambuyo pa chithunzi chija, akuti dziko limene laika mkazi m'ndege yotere ndiye kuti akazi ake onse amasuka. Amenewa ndiwo ofunika kuwapeta bwino, pakuti ngokoma m'makutu, ndipo mphunzitsi wofuna kulimbikitsa atsikana akhoza kulowa nawo m'kalasi mankhusu ali momwemo.

Choyamba n'kudziwa ntchitoyo. Ndege ya mtundu wa F-16, imene al-Mansouri ankayendetsa, imatha kuthamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la mawu. Ikakhota mwadzidzidzi, thupi la woiyendetsa limalemera mpaka kasanu ndi kanayi kuposa masiku onse. Magazi amathawa kumutu kutsikira kumiyendo, m'maso mumachita mdima, ndipo munthu akhoza kukomoka ndege ili m'mwamba. N'chifukwa chake amavala chovala chapadera chimene chimafufuma n'kufinya miyendo ndi mimba, komanso amaphunzira kuumitsa minofu ndi kupuma mwa njira yake. M'kati mwa zowawa zimenezi ayenera kumawerengabe zizindikiro za makina, kumamva zonena anzake pa wailesi, ndi kumasankha chochita nthawi yomweyo. Ndege sidziwa ngati woiyendetsa ndi mwamuna kapena mkazi, ngati amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu. Imafuna masamu, sayansi, maso akuthwa, thupi lozolowera ndi mtima wosatekeseka. Al-Mansouri anatenga digiri yake pa maphunziro a Chingerezi, nagwira ntchito zaka zingapo kulikulu la asilikali, kudikira kuti sukulu ya ndege iyambe kulandira akazi. Itatsegula khomo analowa, namaliza mu 2007. Chimene chinamuchedwetsa silinali thupi lake ayi, koma lamulo.

Tsono amene anadabwa mu 2014 anali atachedwa ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Mu 1925 mtsogoleri wa dziko la Turkey, Mustafa Kemal Atatürk, anakacheza mumzinda wa Bursa. Kumeneko anakumana ndi mtsikana wamasiye wa zaka 12, dzina lake Sabiha, amene analimba mtima n'kupempha kuti amuthandize kupita kusukulu. Atatürk anamutenga nakhala mwana wake. Mu 1934 anamupatsa dzina la Gökçen, limene m'chinenero chawo limanena za kumwamba, ndipo chaka chimenecho n'chomwenso akazi a ku Turkey analandira ufulu wovota pa chisankho cha aphungu. Chaka chotsatira Sabiha analowa sukulu ya ndege ya Türkkuşu, natumizidwa ku Soviet Union kukaphunzira ndege zopanda injini. Mu 1936 analoledwa kulowa sukulu ya ndege za nkhondo ku Eskişehir, ndipo mu 1937 anali atayamba kale kuuluka pa ntchito ya nkhondo. Mu 1938 anazungulira maiko a ku Balkans pa ndege, akutera ku Athens, Sofia, Belgrade ndi Bucharest, makamu a anthu akumuchingamira. Anamwalira mu 2001, ndipo bwalo lachiwiri la ndege la mzinda wa Istanbul likudziwika ndi dzina lake.

Zaka zimenezi n'zofunika kuziyerekeza ndi za maiko amene amakonda kuphunzitsa anzawo za ufulu wa akazi. Dziko la America linachotsa lamulo loletsa akazi kuyendetsa ndege zomenyera nkhondo mu 1993, patapita zaka 56 chiyambire Sabiha Gökçen. Ku Britain mkazi woyamba kuloledwa kumenya nkhondo pa ndege ya jeti, Jo Salter, anafika pamenepo mu 1994, pamene ku Turkey Leman Altınçekiç anali atayamba kuyendetsa jeti mu 1958. Dziko la India linalandira akazi ake atatu oyamba mu 2016. (Asoviyeti okha ndiwo anali ndi magulu a akazi omenya nkhondo m'mlengalenga pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse.) Munthu wonena kuti Chisilamu ndicho chimatsekera mkazi khomo la ndege ayenera kufotokoza chifukwa chake maiko a Akhristu anatseka khomo lomwelo nthawi yaitali chotere. Zoona zake n'zakuti khomo limeneli limatsegulidwa ndi boma, ndipo limatsekedwa ndi boma. Ku Turkey komweko sukulu za asilikali zinayamba kulandira akazi mu 1955, patangopita zaka zochepa zinaleka, ndipo zinadzayambiranso mu 1992. Chipembedzo cha anthu sichinasinthe m'zaka zimenezo. Anasintha ndi maganizo a olamulira.

Komatu mbiri ya Sabiha Gökçen ili ndi tsamba lina limene mabuku oyamikira amalidumpha. Ntchito ya nkhondo ya mu 1937 ija sinali yolimbana ndi adani ochokera kunja. Inali ku Dersim, chigawo cha mapiri cha kum'mawa kwa Turkey chimene boma linachitcha Tunceli, kumene Akurdi a chikhulupiriro cha Alevi anakana kugonjera boma. Asilikali anakantha midzi, ndege zinaponya mabomba, ndipo imodzi mwa ndegezo ankayendetsa ndi Sabiha, amene analandira mendulo chifukwa cha ntchitoyo. Mu Novembala 2011 Recep Tayyip Erdoğan, amene pa nthawiyo anali nduna yaikulu, anapepesa m'dzina la boma, natchula kuti zikalata za boma zikusonyeza anthu 13,806 ophedwa. Mwa anthu amenewo munali amayi ndi ana. Mayi wa ku Dersim amene anabisala kuphanga ndi mwana kumsana sanapepukidwe mtima chifukwa chakuti woponya bomba anali mkazi mnzake. Tsamba lino silikufuna kumulanda Sabiha ulemu wa luso lake, koma mwana wasukulu wouzidwa za ulendo wa ku Balkans ayenera kuuzidwanso za Dersim, pakuti zonsezi zinachitika ndi manja omwewo, ndipo ndege ya nkhondo ntchito yake ndi kupha.

Atatürk ankadziwa chimene ankachita. Ankafuna kuonetsa maiko a ku Ulaya kuti Turkey ndi dziko latsopano, ndipo mwana wake wamkazi atavala yunifomu anali umboni woyenda wokha. Boma la United Arab Emirates nalonso linadziwa mtengo wa chithunzi cha 2014: zigawenga zimene zinkagulitsa akazi ngati mbuzi zinali kukanthidwa ndi mkazi wachisilamu, ndipo uthenga umenewo unafika kutali kuposa mabomba. Palibe cholakwa kuti boma linyadire mwana wake. Koma pa nkhondo yomweyo panalinso ndege za Saudi Arabia, dziko limene akazi ake sankaloledwa ngakhale kuyendetsa galimoto mpaka mu Juni 2018. Maiko awiri oyandikana, a chipembedzo chimodzi, a chinenero chimodzi, koma wina mkazi ali m'ndege, wina mkazi akudikira mwamuna woti akamutule kumsika.

Dziko la Pakistan ndilo limaonetsa nkhaniyi poyera kuposa ena onse. Mu 2006 akazi anayi analandira zizindikiro za oyendetsa ndege pa sukulu ya asilikali a m'mlengalenga ku Risalpur. Mu 2013 Ayesha Farooq wa ku Bahawalpur, ali ndi zaka 26, anapambana mayeso otsiriza nakhala mkazi woyamba m'dzikolo kuvomerezedwa kuti akhoza kutumidwa kunkhondo. Ankayendetsa F-7PG, ndege yopangidwa ku China potengera MiG-21 ya Asoviyeti. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, analeredwa ndi mayi ake, ndipo achibale ena sanakondwe ndi ntchito imene anasankha. Atolankhani atamujambula, mpango wake wakumutu unkaonekera pansi pa chisoti. Chithunzi chimenecho n'chabwino kuchipachika m'kalasi, chifukwa chimayankha onse awiri, wonena kuti wovala mpango sangaphunzire sayansi, ndi wonena kuti wophunzira sayansi ayenera kuvula mpango.

Koma miyezi yowerengeka m'mbuyo mwake, pa 9 Okutobala 2012, m'dziko lomwelo, m'chigwa cha Swat, munthu wamfuti anakwera galimoto yonyamula ana asukulu, nafunsa kuti Malala ndi uti, namuombera kumutu. Malala Yousafzai anali ndi zaka 15, ndipo mlandu wake unali wolankhula kuti atsikana aziphunzira. M'zaka zomwezo mabungwe oona za ana ankawerenga kuti ku Pakistan ana oposa 20 miliyoni sali pasukulu, ndipo ambiri mwa iwo ndi atsikana. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ayesha Farooq si wonamizira, ndipo luso lake analikhetsera thukuta. Koma iye anadutsa pa mlatho umene atsikana miyandamiyanda a m'dziko lake sanaupondepo ngakhale phazi limodzi. Kuti munthu afike ku Risalpur ayenera kuyamba wamaliza sekondale ndi masamu ndi sayansi. Mtsikana wochotsedwa sukulu kuti akakwatiwe sanakanidwe ndi ndege. Anakanidwa kale ali pakhomo pa makolo ake.

Ndipo amene afikako salandira mpando wofewa kuposa wa amuna. Pa 24 Novembala 2015 Marium Mukhtiar, wa zaka 23, anali pa ulendo wophunzira m'ndege ya FT-7PG pamodzi ndi mphunzitsi wake. Ndegeyo inawonongeka ili m'mwamba pafupi ndi Kundian m'boma la Mianwali. Onse awiri anadziponya kunja ndi mipando yawo. Mphunzitsi anapulumuka, koma Marium anamwalira ndi mabala. Anali mkazi woyamba woyendetsa ndege za nkhondo za Pakistan kufera pantchito, ndipo boma linamupatsa mendulo ya Tamgha-e-Basalat atamwalira. Achinyamata ongomaliza sukulu amene amasirira yunifomu adziwe kuti kufanana kumene akazi amenewa anapempha kunali kufanananso pa imfa.

Funso limene mphunzitsi ayenera kufunsa akaona chithunzi chotere n'lakuti: kodi pambuyo pa mayiyu pali angati akubwera, ndipo akuchokera m'sukulu ziti? Mkazi mmodzi akhoza kukwezedwa ndi dzanja la mtsogoleri mmodzi, monga Sabiha, ndipo mtsogoleriyo akapita khomo limatsekeka popanda wodandaula. Koma ngati atsikana a kumudzi akulemba mayeso a masamu chaka ndi chaka, ngati makolo aleka kuwaona ngati malowolo oyenda, pamenepo boma lofuna kutseka khomo limapeza khamu litaima pakhomopo. Kuwerenga koona si kwa akazi ovala chisoti, koma kwa atsikana okhala pa desiki.

Za ku Afghanistan zikusonyeza mmene khomo limatsekekera msanga. M'dzikomo alongo awiri a banja la Nabizada anaphunzira kuyendetsa helikopita za asilikali cha m'ma 1990, ndipo m'nthawi ya ulamuliro wa Atalibani anathawa ntchito n'kubisala. Atalibani atagwa mu 2001 atsikana anabwerera kusukulu. Mu 2013 Niloofar Rahmani anakhala mkazi woyamba wa gulu la asilikali a m'mlengalenga kuyendetsa ndege yamapiko, ngakhale kuti yake inali yonyamula katundu ndi ovulala, osati yomenyera nkhondo. Maiko akunja anamutamanda, ndipo mu 2015 boma la America linamupatsa mphoto ya akazi olimba mtima. Kwawo analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, ochokera kwa Atalibani ngakhalenso kwa achibale ena, kotero kuti banja lake linkangosamukasamuka. Mu 2016, atamaliza maphunziro ena a ndege ku America, anapempha kuti asabwerere, ndipo mu 2018 analoledwa kukhala komweko. Mu Ogasiti 2021 Atalibani analowanso mu Kabul. Atsikana opitirira kalasi yachisanu ndi chimodzi anauzidwa kuti akhale kunyumba, ndipo mu Disembala 2022 mayunivesite nawonso anatsekedwa kwa akazi. Mtsikana amene anali ndi zaka zinayi pamene Rahmani ankalandira chizindikiro cha mapiko pachifuwa, anafika pakhomo la sekondale chaka chomwe analikhoma.