Zisudzo nazo ndi phunziro, tizipemphe m'sukulu zathu

Achinyamata anzanga, pafupifupi kalabu iliyonse ya achinyamata kuno ku Songani ili ndi kagulu ka zisudzo. Kukakhala msonkhano kwa amfumu, mwambo wa kusukulu kapena tsiku lokumbukira za Edzi pa 1 Disembala, anthu amatiitana kuti tikachite sewero. Timapita mokondwa, anthu amaseka, amatiombera m'manja, kenako aliyense amabwerera kwawo. Koma kodi luso limeneli anatiphunzitsa ndani? Ambiri mwa ife tinangoonera anzathu n'kuyamba kutengera. Maganizo anga ndi akuti zisudzo ziziphunzitsidwa m'kalasi ku sekondale monga mmene amaphunzitsira Chichewa ndi masamu, ndipo ife a m'makalabu ndi amene tiyenera kuyamba kupempha zimenezi.

Phunziroli lilipo kale

Ena angaganize kuti tikupempha chinthu chachilendo. Ayi ndithu. Ku pulayimale ana amaphunzira Expressive Arts, momwe muli kuimba, kuvina ndi masewero. Pamene silabasi ya sekondale inakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010, munaikidwa phunziro losankha la Performing Arts, lomwe limaphatikiza zisudzo, nyimbo ndi magule. Bungwe lomwe limakonza masilabasi a dziko lino, la Malawi Institute of Education, lili ku Domasi, pafupi ndi ife pomwepa. Chodandaulitsa n'chakuti sukulu zambiri, makamaka za CDSS, siziphunzitsa phunziroli.

Zoona, m'kalasi timawerenga zisudzo pa phunziro la Chichewa ndi la Chingerezi. Timaloweza mayina a atengambali ndi kuyankha mafunso a mayeso. Komatu sewero silinalembedwe kuti lizingowerengedwa. Kuwerenga sewero osalichita kuli ngati kuloweza malamulo a mpira koma osaponda m'bwalo.

Sewero losakonzedwa bwino limavulaza

Taganizirani masewero okhudza Edzi omwe timaonera kawirikawiri. Mtsikana wakonda ndalama, watenga kachirombo, wayamba kutsokomola, waonda, wamwalira. Pamaliro pamabwera woledzera n'kumaseketsa anthu. Sewero latha.

Kodi sewero lotere laphunzitsa chiyani? Laphunzitsa kuti wolakwa nthawi zonse ndi mtsikana, kuti munthu amene ali ndi HIV amadziwika ndi maonekedwe, ndiponso kuti akapezeka nako ndiye kuti kwake kwatha. Zonsezi si zoona. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Lero munthu amene akumwa mankhwalawa mwandondomeko amakhala wathanzi, amaphunzira, amagwira ntchito ndiponso amabereka ana opanda kachirombo. Kachirombo kakachepa m'magazi mwake mpaka kosaonekanso poyeza, sapatsira mnzake pogonana.

Tisaiwale kuti pagulu la oonerawo pali mnzathu amene anabadwa ndi kachirombo ndipo amamwa mankhwala tsiku lililonse. Akaona anthu akuseka wodwala wa m'sewero, kodi angalimbe mtima kuuza mnzake za mmene alili? Ena amafika pobisa mankhwala kapena kusiya kumwa chifukwa choopa kusekedwa. Ife timachita seweroli ndi cholinga chabwino, koma posadziwa timakolezera kusalana komwe timati tikulimbana nako.

Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa kutengera ndi kuphunzira. Wophunzira zisudzo amadziwa kuti nkhani imayamba ndi kafukufuku. Amafunsa anthu, amamvetsera, amakatsimikiza mfundo kwa azaumoyo asanazitengere pabwalo. Amaphunzira kuumba mtengambali wokhala ngati munthu weniweni, wa zabwino ndi zofooka zake. Amaphunzira kutulutsa mawu omveka mpaka kumbuyo popanda chimkuzamawu, kuima mosapatsa anthu msana, ndi kudziwa pamene nthabwala ikuthandiza ndi pamene ikuphimba uthenga. Izi sizibwera zokha. Zimafuna mphunzitsi, nthawi ndi kubwereza.

Zomba ndi kwawo kwa luso limeneli

Ife a ku Songani tili ndi mwayi chifukwa mbiri ya zisudzo zophunzitsa anthu ili pakhomo pathu. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, komwe tsopano ndi University of Malawi, linkayenda ndi masewero m'madera osiyanasiyana kuyambira m'zaka za m'ma 1970. M'chaka cha 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukayesa njira yopanga sewero kuchokera pa mavuto a anthu a m'deralo. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi monga a Chris Kamlongera ndi a David Kerr pamodzi ndi ophunzira awo anagwiritsa ntchito njira yomweyi m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani zaumoyo monga zitsime ndi ukhondo.

Njira yake ndi yotere. Ochita sewero amayamba akhala ndi anthu a m'mudzi n'kumva zomwe zikuwavuta. Akatero amapanga sewero, koma salimaliza okha. Pakati pa sewero mtengambali amatembenukira kwa oonera n'kuwafunsa kuti, nanga inu mukanatani? Anthu amayankha, amatsutsana, mpaka amagwirizana chochita. Mabungwe a mu mzinda wa Zomba monga CRECCOM ndi ArtGlo agwiritsa ntchito zisudzo zokambirana ndi anthu pa nkhani za maphunziro a atsikana ndi za HIV. Ngati luso limeneli likuphunzitsidwa mpaka pa digiri mu Zomba momwemu, n'chifukwa chiyani mwana wa Fomu 1 ku Songani asamalilawe?

Zomwe makolo ndi aphunzitsi amadandaula

Makolo ambiri amati zisudzo ndi masewera, sizingadyetse munthu. Tisawanyoze, chifukwa iwo amavutika kupeza fizi ndipo amafuna kuona phindu. Ndi zoona kuti si aliyense wophunzira zisudzo adzapeze ndalama pa siteji, monganso si aliyense wophunzira Biology amadzakhala dokotala. Koma alipo amene luso limeneli linawapatsa ntchito. Du Chisiza Jr anayamba kudziwika ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre kudzera mu mpikisano wa zisudzo wa ATEM. Anakaphunzira za zisudzo ku America ndipo mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata. Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu anasangalatsa dziko lonse kwa zaka zambiri. A Michael Usi, omwe ambiri anawadziwa ngati Manganya mu sewero la Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu 2024. Mawailesi, makanema ndi mabungwe amafunanso olemba ndi ochita masewero.

Phindu lina ndi la aliyense. Mtsikana amene wazolowera kuima pagulu n'kuyankhula momveka savutika kunena kuti toto kwa bambo womunyengerera ndi ndalama. Mnyamata amene wasewerapo mbali ya mtsikana wochotsedwa sukulu chifukwa cha mimba amayamba kuganiza kawiri. Zomwe timalemba m'makope pa phunziro la Life Skills, m'zisudzo timaziyeserera ndi pakamwa ndi thupi lomwe.

Aphunzitsi nawo amati alipo ochepa, zipangizo palibe ndipo nthawi ndi yothina. Vuto la aphunzitsi ndi lenileni, ndipo ndi udindo wa Unduna wa Zamaphunziro ndi makoleji monga Domasi College of Education kuphunzitsa anthu oti adzaphunzitse phunziroli. Koma za zipangizo zisatiopseze. Zisudzo sizifuna labotale. Mthunzi wa mtengo, ng'oma, chitenje ndi mpando ndi zokwanira kuyambira. Magule monga manganje ndi beni tili nawo kale, ndipo tikhoza kusewera m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe.

Tichitepo chiyani?

Mphunzitsi wamkulu sangayambitse phunziro lomwe palibe amene walipempha. Choncho kalabu iliyonse ilembe mayina a ophunzira ofuna Performing Arts, ndipo kalatayo ipite kwa mphunzitsi wamkulu kudzera kwa mphunzitsi woyang'anira kalabu. Tipemphenso mpata pa msonkhano wa PTA kuti makolo aone sewero lokonzedwa bwino, osati longoseketsa. Mutu umodzi susenza denga, ndiye makalabu a sukulu zoyandikana achitire limodzi kuti mawu athu akamveke mpaka ku ofesi ya zamaphunziro.

Podikira yankho, tiyambe kusintha kachitidwe kathu. Tisanapange sewero tifunse anthu omwe nkhaniyo ikuwakhudza. Mfundo zaumoyo tikazitsimikize kuchipatala. Tiyeserere mokwanira, osati kukumana m'mawa wa tsiku lomwelo. Tikamaliza kusewera tisathamangire kuvula zovala, koma tikhale pansi ndi oonera n'kumva maganizo awo. Ndipo amene simuli pasukulu musadzione otsalira, chifukwa zomwe anzanu aphunzira m'kalasi adzabwera nazo ku kalabu.

Pa msonkhano wanu wotsatira kambiranani mafunso awa. Kodi sewero lomaliza lomwe kalabu yanu inachita linamuonetsa bwanji munthu amene ali ndi HIV? Kodi munthu wotereyo akanakhala pakati pa oonera akanabwerera kwawo wolimbikitsidwa kapena wamanyazi? Nanga ndani mwa inu apite ndi kalata kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo apita liti?