Pangano la Boma Silimangidwa Pakamwa

Pali chizolowezi choipa chimene chazika mizu m'maofesi ena a Boma ndiponso pakati pa atsogoleri ena a Chipani m'maboma. Wamalonda amaitanidwa pambali nauzidwa kuti ntchito ija ndi yake, ayambepo, makalata abwera pambuyo. Iye, pokhulupirira udindo wa amene wamuuzayo, amakakongola ndalama kubanki nagula simenti ndi malata. Tsiku lolipira likafika mpamene zimadziwika kuti panalibe pangano lililonse, ndipo mlandu umakathera kukhothi.

Aliyense wogwira ntchito m'Boma ayenera kumvetsa nthawi yeniyeni imene pangano limabadwa. Unduna ukalengeza m'nyuzi kuti ukufuna katundu, sunalonjeze kanthu kwa munthu aliyense; wangoitana amalonda kuti atchule mitengo yawo. Wamalonda akaponya tenda yake m'bokosi, ndiye kuti iye wapereka mawu ake, koma Boma silinayankhe. Ngakhale komiti yoona zogula itamusankha, nkhani isanathe. Lamulo la mu 2017 loyendetsa kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa Boma, limene lidalowa m'malo mwa la mu 2003, lidalamula kuti pa makontirakiti akuluakulu dzina la wosankhidwayo liyambe lalengezedwa kwa masiku 14, kuti amene akuona kuti walakwiridwa adandaule. Pambuyo pake mpamene mbali ziwirizo zimasayina. Telefoni ya nduna, kapena kalata ya phungu, siilowa m'malo mwa ndondomeko imeneyi ngakhale pang'ono.

Ena amati njira imeneyi imachedwetsa chitukuko. Anthu otere akumbukire chaka cha 2022, pamene ndalama pafupifupi K750 miliyoni zogulira feteleza wa alimi zidaperekedwa kwa kampani ya ku Britain imene pambuyo pake idadziwika kuti malonda ake ndi a nyama. Kuthamanga kumeneko sikudafikitse thumba ngakhale limodzi m'munda wa mlimi.

Kugulitsa nako kuli chimodzimodzi, ndipo kunoku ndiye kuli mayesero aakulu, pakuti wogulitsa ndi wogula kawirikawiri amadyera mbale imodzi. Nkhani ya mathirakitala iyenera kukhala phunziro kwa mlembi wamkulu aliyense. Boma lidagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 ndi ngongole yochokera ku India, cholinga chake kukhala chakuti mlimi wamng'ono apumuleko ku khasu. Ambiri mwa makinawo sadafike kwa mlimiyo. Adagulitsidwa pa mitengo yotsika kwa andale, akuluakulu a m'Boma ndi amalonda, pamene ngongole idatsala pamsana pa mtundu wonse, kuphatikizapo nkhalamba ya kumudzi imene sidaonepo thirakitala ikulima m'dera lake. Mu 2016 Ombudsman, Mayi Martha Chizuma, adapeza kuti kagulitsidweko kadali kosalongosoka, ndipo mu 2019 Khothi Lalikulu la Apilo lidagwirizana nawo. Maunduna okhudzidwa adakakamizidwa kupepesa kwa anthu poyera. Kupepesa nkwabwino, koma sikulima munda.

Galimoto yakutha ya Boma, nyumba, ngakhale mpando wothyoka mwendo, siziyenera kuchoka m'manja mwa Boma mwakachetechete. Katunduyo ayambe wayesedwa mtengo ndi odziwa, alengezedwe poyera, ndipo agulitsidwe pa okushoni kapena pa tenda pamaso pa onse. Amene wayesa mtengowo asapezekenso pamzere wa ogula, kaya yekha kaya kudzera mwa mlamu wake.

Tsono wapampando wa nthambi akafikiridwa ndi wamalonda wofuna kumuyankhulira ku ofesi ya DC, amuonetse pamene pamatidwa chilengezo ndi tsiku lotsekera matenda, basi. Kalaliki amene walamulidwa pakamwa kuti alembe LPO kapena atulutse katundu m'sitolo ya Boma apemphe mwaulemu kuti lamulolo lilembedwe ndi kusayinidwa, pakuti oyendera mabuku akadzabwera, dzina limene adzalipeze papepala ndi lake.