MWANA AKAFUNA DIGIRI YACHIWIRI YA MALAMULO

Bambo wina wa ku Makokola, msodzi amene anapuma, watilembera kalata ali wothedwa nzeru. Mwana wake wamkazi anatsiriza digiri ya za malamulo ku Zomba, wagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo tsopano akuti afuna kubwereranso ku sukulu. Bambowo, amene anagulitsa bwato ndi makoka kuti mwanayu aphunzire, afunsa ngati sukulu imeneyi iri nako kothera.

Bambo, madandaulo anu tawamva. Digiri yoyamba, yotchedwa LLB, imdyetsa wophunzira pang'ono pang'ono za malamulo onse. Yachiwiri, LLM, imlowetsa pakuya m'nthambi imodzi yokha. Koma dziwani ichi: LLM siyimene ipatsa munthu chilolezo choimira anthu m'bwalo la milandu. Wofuna uloya wokha angathe kukhala bwino popanda iyo. Wofuna kuphunzitsa, kufufuza kapena kukonza malamulo ndiye ayenera kuisaka.

Makomo alipo. Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene kufikira 2021 tinkaitcha Chancellor College, iphunzitsa digiriyi m'malamulo a zamalonda. Ku Pretoria, kuyambira chaka cha 2000, kuli maphunziro a ufulu wa anthu ndi demokalase mu Afirika. Ku Britain amatsiriza m'chaka chimodzi, ndipo thumba la Chevening, lokhazikitsidwa mu 1983, lilipira sukulu, ulendo ndi chakudya. Koma lifuna munthu amene wagwirapo ntchito ngati zaka ziwiri, ndiponso wolonjeza kubwerera kwawo akatsiriza. Makalata ofunsira amatumizidwa pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanatsekulidwe. Wogona adzamva zitatha. Ndipo kufunsirako nkwaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti akupezereni malo, mkanizeni.

Tsono kwa inu anyamata ndi atsikana. Zikalata za magiredi, pasipoti ndi makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi kapena abwana anu, zonsezi nzosavuta mukayamba msanga. Pogona nkhani mpa kalata yofotokoza chifukwa chimene mufunira maphunzirowo. Ambiri amalemba kuti afuna kutumikira dziko lawo. Mawu otere osankha aja awawerenga mpaka kutopa nawo.

Mwana wa kunyanja alibe chifukwa chobwerekera nkhani. Ayende m'gombe kuchokera ku Makokola kunka ku Monkey Bay, aone mahotela ndi nyumba zopumulirako, mipanda itatsikira kumadzi. Afunse agogo ake kumene kale ankakocheza mabwato ndi kuyanika usipa. Kodi lamulo la malo a makolo la 2016 limteteza bwanji msodzi amene alibe pepala? Nanga lamulo la usodzi la 1997, limene lipatsa boma mphamvu zotseka nyanja kuti chambo chiswane, ligwira ntchito mofanana kwa mwini bwato laling'ono ndi kwa mwini sitima yokoka? Amene alemba za izi, atatchula mudzi ndi doko, adzamveka ngati munthu woona ndi maso.

Bambo, m'munsi mwa kalata yanu munafunsanso za ukwati. Funso limenelo sitiliyankha m'malo mwa mwana wanu. Muitaneni pa tchuthi, mukhale naye pansi pamodzi ndi mayi ake, ndipo muyambe ndi kumfunsa tsiku limene makalata atsekedwa. Munda wotsala uja musagulitse kufikira yankho la thumba litabwera.