Rekodi Yopanda Mboni ndi Nthano Chabe

Pali anthu ena padziko lino amene atha zaka makumi atatu kapena anayi akulimbana ndi makina a masewera a kanema omwe adapangidwa iwo ali ana. Makinawa ndi aja ooneka ngati kabati yaitali yokhala ndi sikirini, omwe munthu amaponyamo ndalama yachitsulo kuti asewere. Masewera monga Space Invaders, Asteroids, Pac-Man ndi Donkey Kong adatchuka kwambiri ku Japan ndi ku America pakati pa 1978 ndi 1983. Nyumba zambiri zomwe zinkasunga makinawa zidatsekedwa kalekale, koma mpikisano wofuna kupeza mapointi ochuluka kuposa wina aliyense ukadalipo mpaka lero. Ambiri akamva zimenezi amaseka n'kunena kuti amenewa ndi akuluakulu osowa chochita. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti mpikisanowu ndi woyenera ulemu monga mpikisano wina uliwonse, ndiponso kuti ulemuwo wagona pa umboni. Maganizo anga ndi akuti rekodi yomwe anthu sadathe kuiona ndi kuifufuza siyenera kulembedwa m'buku.

Poyamba ndi bwino tione komwe mpikisanowu udachokera. Masewera a Space Invaders, omwe kampani ya Taito idatulutsa mu 1978, ankasunga pamwamba pa sikirini mapointi a munthu amene wapambana onse. Mu 1979 kampani ya Atari idatulutsa Asteroids, momwe wosewera waluso ankaloledwa kulemba zilembo zitatu za dzina lake pambali pa mapointi ake. Kanthu kakang'onoka kadasintha zinthu kwambiri, chifukwa mwana wolowa m'nyumba ya masewera ankapeza dzina la munthu wosamudziwa litakhala pamwamba, ndipo mtima sunkamukhala pansi kufikira atalichotsapo. Vuto lidali lakuti makina aliwonse ankadziwa za malo awo okha. Katswiri wa tauni ina sankadziwa ngati amaposa wa tauni inzake. Walter Day, yemwe adatsegula nyumba ya masewera yotchedwa Twin Galaxies mumzinda wa Ottumwa m'chigawo cha Iowa mu 1981, adayamba mu 1982 kusonkhanitsa mapointi ochokera m'madera osiyanasiyana. Posakhalitsa Twin Galaxies idasanduka bwalo loweruza marekodi a masewerawa, ndipo buku la Guinness lidayamba kudalira zolemba zake.

Chifukwa choyamba chomwe ndikunenera kuti mpikisanowu ndi woyenera ulemu n'chakuti muyeso wake susintha. Okonda mpira wamiyendo amakangana usiku wonse ngati osewera amakono amaposa akale, ndipo mkanganowo sutha chifukwa malamulo, mabwalo, nsapato ndi kaphunzitsidwe zidasintha. Makina a Asteroids alibe vuto limeneli: momwe ankayendera mu 1982 ndi momwe amayendera lero. Mu November 1982 mnyamata wa zaka 15, Scott Safran, adapeza mapointi 41,336,440 atasewera kwa masiku oposa awiri m'chigawo cha Pennsylvania. Safran adamwalira mu 1989, koma rekodi yake idakhala osaswedwa kufikira 2010 pamene John McAllister adapeza 41,838,740 atasewera kwa maola 58. Anthu awiriwa sadakumanepo, komabe adapikisana pabwalo limodzi ndi malamulo amodzi ngakhale pakati pawo padali zaka zoposa 27. Ndi masewera ochepa okha amene angapereke chilungamo chotere pakati pa mibadwo.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti kupambana pa masewerawa kumafuna nzeru ndi kafukufuku. Tiyeni titenge Pac-Man, masewera omwe kampani ya Namco idatulutsa mu 1980. Wosewera amayendetsa kamutu kachikasu kodya timadontho kwinaku akuthawa mizukwa inayi. Munthu wongoonerera angaganize kuti mizukwayo imangoyenda chisawawa, pamene uliwonse uli ndi lamulo lake la momwe umalondolera wosewera. Akatswiri adaphunzira malamulowo kufikira adapeza njira zomwe munthu angadutse osagwidwa. Adapezanso kuti masewerawa ali ndi mapeto omwe opanga ake sadawakonze. Makinawa amasunga nambala ya gawo m'kachipinda komwe sikangalandire nambala yoposa 255, choncho wosewera akafika gawo la 256, theka la sikirini limadzaza ndi zilembo zosokonekera ndipo gawolo silitheka kulimaliza. Chifukwa cha malire amenewa, mapointi onse omwe munthu angapeze ndi 3,333,360. Kuti awapeze ayenera kudya kadontho kalikonse, chipatso chilichonse ndi mzukwa uliwonse wodyeka m'magawo 255 osataya moyo ndi umodzi womwe. Billy Mitchell adalembedwa kuti adachita zimenezi pa 3 July 1999 ku Funspot, m'chigawo cha New Hampshire, atasewera pafupifupi maola asanu ndi limodzi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa maola ochuluka chotere popanda kulakwitsa ndi luso lenileni.

Donkey Kong, yomwe Shigeru Miyamoto wa kampani ya Nintendo adapanga mu 1981, imaonetsa mfundo yomweyi mwa njira ina. Wosewera amakwera makwerero uku akudumpha migolo yomwe chinyani chachikulu chikuponya. Nthawi yomwe amapatsidwa pa gawo lililonse imawerengedwa pochulukitsa nambala ya gawolo ndi 10 n'kuphatikizapo 40. Pa gawo la 22 yankho limakhala 260, nambala yomwe siingakwane m'kachipinda kaja, choncho makina amangosunga 4 yotsalira. Zotsatira zake n'zakuti wosewera amafa patangopita masekondi ochepa, kaya akhale waluso motani. Popeza ulendo uli ndi polekezera, wofuna rekodi sangangothamangira kutsogolo. Ayenera kufinya mapointi pa gawo lililonse, kudziika dala pangozi kuti adumphe migolo yambiri, ndi kudziwa nthawi yosiyira. Mu 1982 Mitchell adali ndi mapointi 874,300. Mu 2016 Wes Copeland adafika 1,218,000, ndipo mu 2021 Robbie Lakeman adapeza 1,272,800, kuposa John McCurdy ndi mapointi 100 okha. Makina ndi omwewo, chomwe chidakula ndi chidziwitso chomwe osewera akhala akugawana kwa zaka makumi anayi.

Ngakhale zili choncho, sindikunena kuti zonse za mpikisanowu ndi zabwino. Pali masewera ena opanda mapeto, omwe rekodi yake imadalira kupirira tulo. Mu 1984 Tim McVey adakhala munthu woyamba kudutsa mapointi biliyoni imodzi pa masewera a Nibbler atasewera maola oposa 44 ku Ottumwa. Osewera otere amayamba asonkhanitsa miyoyo yambiri yapadera, kenaka n'kusiya makina akudziphera okha miyoyoyo pamene iwo apita kukadzithandiza kapena kukapumula kwa mphindi zochepa. Kukhala masiku awiri osagona si chinthu chomwe thupi lidapangidwira, ndipo amene amadandaula za thanzi la anthu amenewa ali ndi mfundo. Koma dandaulo lomweli tingalinene kwa othamanga mitunda italiitali ndi okwera mapiri, ndipo palibe amene amati iwo ndi osowa chochita. Chofunika ndi malamulo oteteza osewera, osati kunyoza mpikisano wonse.

Tsopano tifike pa phata la nkhani. Wothamanga amaswa rekodi m'bwalo lodzaza ndi anthu, pali oweruza ndi mawotchi. Marekodi ambiri akale a masewera a kanema adalembedwa chifukwa cha chithunzi, tepi ya vidiyo, kapena mawu a woweruza mmodzi amene nthawi zina adali bwenzi la wosewerayo. Nkhani ya Todd Rogers ikuonetsa kuopsa kwa zimenezi. Iye ankadziwika kuti mu 1982 adamaliza mpikisano wa galimoto pa masewera a Dragster, a pa makina apanyumba a Atari 2600, m'masekondi 5.51. Rekodiyi idakhala zaka zoposa 35 ndipo Guinness idailemekeza chifukwa cha kukhalitsa kwake. Kenaka Eric Koziel adasanthula pulogalamu ya masewerawo mzere ndi mzere n'kupeza kuti ngakhale munthu atasewera mosalakwitsa konse sangatsike pansi pa masekondi 5.57. Mu January 2018 Twin Galaxies idafufuta marekodi onse a Rogers, ndipo Guinness nayo idatero. N'zoonadi kuti mlandu suwola, koma taganizirani za anthu onse omwe kwa zaka 35 ankathamangitsa nambala yosatheka n'kumadziona ngati olephera. Nthawi yawo palibe amene angawabwezere.

Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya Steve Wiebe ndi Billy Mitchell, yomwe idaonetsedwa mufilimu ya 2007 yotchedwa The King of Kong. Wiebe, mphunzitsi wa sayansi wa ku Redmond m'chigawo cha Washington, adatumiza tepi yoonetsa kuti wadutsa mapointi miliyoni imodzi pa Donkey Kong ali kunyumba kwake. Oweruza adaikana pokayikira kuti mwina makina ake adasinthidwa. Iye adapita ku Funspot n'kupeza mapointi 985,600 anthu akuona. Nthawi yomweyo kudafika tepi ya Mitchell yoonetsa 1,047,200, ndipo idalandiridwa. Ena mwa anthu omwe ali mufilimuyo adadandaula kuti idakondera mbali imodzi, koma funso lomwe idadzutsa silidachoke: n'chifukwa chiyani tepi ya wina idakanidwa pamene ya mnzake idalandiridwa?

Mu 2018 Jeremy Young adapereka umboni wakuti momwe zithunzi zimatulukira pa matepi a Mitchell, makamaka gawo latsopano likamayamba, zikufanana ndi za MAME, pulogalamu yotsanzira makina akale pa kompyuta, osati za makina enieni. Mu April chaka chomwecho Twin Galaxies idachotsa marekodi ake, ndipo Guinness idatsatira. Mitchell adakana kuti adachita chinyengo ndipo adapita kukhoti. Guinness idabwezeretsa marekodi ake mu June 2020, ndipo mu January 2024 iye ndi Twin Galaxies adagwirizana zothetsa mlanduwo, mapointi ake n'kuikidwa m'gawo losunga mbiri yakale. Cholinga changa sindicho kuweruza kuti wolakwa ndani. Chomwe ndikuona n'chakuti zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi za mikangano ndi milandu zidabadwa chifukwa choti pachiyambi oweruza adalandira umboni wosakwanira. Ngati Mitchell ndi wosalakwa, umboni wofookawo udamuipitsira dzina. Ngati ndi wolakwa, udalanda Wiebe ulemu wake kwa zaka zambiri. Mbali iliyonse yomwe tingaime, wina adavulala.

N'chifukwa chake ndikuti rekodi iliyonse iyenera kukwaniritsa zinthu zitatu. Choyamba, masewera onse aoneke kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda kudula, ndipo manja a wosewera azioneka pamodzi ndi sikirini. Chachiwiri, makina omwe agwiritsidwa ntchito atsegulidwe ndi kuonetsedwa kuti aliyense atsimikize kuti sadasinthidwe. Chachitatu, umboniwo ukhale poyera kuti wina aliyense, ngakhale patapita zaka, athe kuufufuza monga adachitira Koziel ndi Young. Amene adaonapo bawo amaimvetsa mfundoyi mosavuta. Munthu akafika pabwalo n'kunena kuti dzulo adagonjetsa katswiri wa mudzi wina ali awiriwiri m'nyumba, anthu samutsutsa ndi mawu ambiri. Amangomuuza kuti akhale pansi asewere onse akuona.

Wina anganene kuti malamulo oterewa amakomera olemera okha, popeza makina enieni a 1981 ndi osowa ndiponso okwera mtengo, ndipo si aliyense angakwanitse ulendo wa ku New Hampshire. Dandauloli ndi lomveka, koma lili ndi mayankho. Kusewera pa MAME si mlandu, ndipo Twin Galaxies idakhazikitsa mndandanda wapadera wa osewera pa pulogalamuyi. Cholakwika ndi kusewera pa chinthu china n'kunena kuti wasewera pa china. Komanso mboni za lero siziyenera kukhala m'chipinda chimodzi ndi wosewera, chifukwa intaneti imalola anthu ambirimbiri kuonerera masewera nthawi yomwe akuchitika, ndipo akatswiri ambiri amakono amaswa marekodi awo motero. Wina anganenenso kuti kukayikira aliyense kumapha ubale pakati pa osewera. Ine ndikuona kuti chomwe chidapha ubale m'nkhani ya Donkey Kong chidali kukhulupirira ena chifukwa cha dzina lawo kwinaku tikufufuza anzawo mpaka m'galaja. Lamulo limodzi kwa onse limateteza wotchuka ndi wosadziwika yemwe.

Pomaliza, ndikufuna kutsindika kuti munthu wothamangitsa rekodi ya Donkey Kong sapeza chuma chenicheni. Mphotho yake ndi dzina lolembedwa pambali pa nambala, ndipo nambalayo ili ndi phindu pokhapokha ngati anthu akuikhulupirira. Iye amapereka zaka za moyo wake, nthawi ya banja lake ndi tulo take pofuna mzere umodzi m'buku. Osunga bukulo ali ndi ngongole kwa iye: kuonetsetsa kuti mzere uliwonse womwe uli pamwamba pake ndi woona. Akalephera udindo umenewu, ndiye kuti oseka aja anena zoona kuti zonsezi n'kutaya nthawi. Akaukwaniritsa, mwana amene adzabadwe mawa adzatha kupikisana mwachilungamo ndi Scott Safran wa 1982, ndipo adzadziwa kuti nambala yomwe akuthamangitsa munthu mnzake adaifikadi.